Duwa lofiira m'chitini cha matimati

Muli bwanji nonse?

Sabata yatha pakhonde pano ku Mtendere, m'chitini cha matimati munamera duwa lofiira lomwe sininabzale. Lero m'mawa ninalijambula na penti, n'kupita nacho chithunzicho kwa ba Tate.

Mudziwa kuti ba Tate sanakambepo chilichonse chidwalireni sitiroko. Koma atachiona anagwira dzanja langa mwamphamvu, n'kunena kuti, "Kazule. Linamera chonchi ku Matero, nthawi ya chipani chimodzi, sabata imene Yohane anasowa."

Ninafunsa kuti Yohane ni ndani. Anangoyang'ana kuchitseko, misozi ikutsika.

Sininalizule. Ba Anti Esnati, inu munakhala nawo ku Matero. Yohane anali ndani kwa ife? Nizule, kapena niyembekeze mubwere mulione?