Buku limene lapita ndi atate aakulu

Loweruka, mwezi wa Julaye

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pa simenti, mutu uli wolemera. Lero taika m'manda atate aakulu, akulu awo a bambo anga, amene ndakhala nawo kuno ku Bolero chiyambire Fomu 1. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba m'nyumba ya siwa anali atasasa mawu. Ena anali atagona chokhala, atatsamira khoma.

Panja kunali mphepo yozizira yochokera ku Nyika, ndi kamvula kowaza. Nkhuni zinali zitanyowa, ndipo tinavutika kukoleza moto wophikira nyemba. Ine ndi atsikana anzanga tinazungulira ku mjigo mpaka khosi linauma.

Atate aakulu anali mphunzitsi wopuma. Pabalaza pawo pali kabati ya mabuku imene anthu a kuno ankabwerekako, ndipo lamulo linali limodzi: pobweza buku, unene mmene waliwonera. Ukangoti ndi labwino basi, ankakubweza kuti ukaliwerengenso. Pafupi ndi bedi lawo pankakhala mabuku atatu amene ankawakonda koposa: la mpira wamiyendo, lophunzitsa chesi, ndi la masewero achisoni a Agiriki akale. Lachitatuli ndi limene ndinkawerenga iwo akudwala, ndipo ndinali pakati pa sewero lomaliza.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena pa mapikapu ochokera ku Katowo. Achibale a ku Mlowe anabwera ndi dengu la usipa wouma. Amayi ovala zitenje za zipani zosiyana anakhala pa mphasa imodzi, atafunda mpaka kumutu. Anthu ambiri anabwera ndi mabuku amene anabwereka, chifukwa si bwino kusunga katundu wa munthu amene watisiya. Posowa womupatsa, ankapatsa ine. Bambo wina wa kabaza anandipatsira lake ndi manja awiri nati, "Pepani chomene." Kenako anaimabe pomwepo, ngati akudikira kuti ndimufunse kanthu.

Mwana woyamba wa malemu, achimwene anga amene amagwira ntchito ku Lilongwe, analengeza kuti amayi aakulu, akazi a malemu, akufuna kuti buku limodzi lilowe m'bokosi. Ena amapita ndi chipewa chawo kapena ndodo, koma atate aakulu apite ndi buku. Achimwene anatenga mabuku atatu aja kupita nawo kwa abambo amene ankawotha moto pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali pomwepo, ndikuthira tiyi.

"La mpira ayi," anatero bambo amene amaphunzitsa timu ya anyamata. "Muli zithunzi zoonetsa mmene otchinga kumbuyo amaimira. Ngakhale wosadziwa Chingerezi amatolapo kanthu."

"Nanga timu yanu imangogonja bwanji, akulu?" anafunsa bambo wa kuchipatala, wochokera ku Dedza, amene ankasewera chesi ndi malemu.

Anthu anaseka chapansipansi.

"Inuyo ndi bawo yanu ya azungu ija, munawagonjetsapo malemuwa?" anabweza wa mpira uja.

"N'chifukwa chake la chesi lisapite. Ndikadali pa mutu wonena za kayendedwe ka akavalo."

Ndiye mkulu wa mpingo, wa tsitsi la imvi, anatenga lachitatu nalitembenuza. "Ili lipite," anatero. "Milungu yake ndi yambirimbiri, yonse yankhanza. Munthu amamuchenjeza, samva. Gulu la nkhalamba limangoima pambali n'kumadandaula, osathandiza kanthu. Ana athu asamawerenge zotere."

Onse anavomera. Ine ndinali chigwadire ndi ketulo m'manja. Mtsikana salankhula pa bwalo la abambo pamaliro, choncho ndinadzuka n'kupita m'nyumba. Amayi aakulu anali pansi pafupi ndi bokosi, maso atatupa. Ndinawanong'oneza kuti buku lasankhidwalo sindinalimalize.

"Mwana wanga," anatero, "lero usandifunse za mabuku."

Ndinapeza achimwene pakhonde n'kuwapempha kuti andibwereke mpaka abusa afike. Anandiyang'ana, nawonso atatopa.

"Nyimbo ikangoyamba, ndilifuna."

Ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe. Chingerezi cha m'bukulo si chothamangira, ndipo nthawi zonse atate aakulu ndiwo ankandimasulira mawu ovuta. Zala zinali zitauma ndi kuzizira. Ndisanapite patali, azakhali anandipeza.

"Iwe, anzako akudula kabichi, iwe watsegula sukulu?"

Ndinabisa bukulo m'chitenje n'kukadula kabichi. Kenako anandituma mchere ku golosale, kenako mbale. Nditabwerera kuseri kwa nkhokwe ndinawerenga mothamanga, ndikudumpha zimene gulu la nkhalamba lija linkanena. M'masewero amenewa zoopsa sizichitikira pamaso pa anthu. Zimachitikira mkati, ndipo wina amatuluka kudzafotokoza. Ndinafika pamene mthenga watuluka m'nyumba ya mfumu, akupuma wefuwefu, nati ali ndi nkhani. Pomwepo nyimbo inayamba. Achimwene anabwera, natambasula dzanja. Ndinawapatsa.

Analiika pachifuwa pa atate aakulu, pansi pa manja awo, n'kutseka bokosi.

Abusa analalikira nthawi yaitali ndithu, mu Chitumbuka, mwina n'kumaponyamo Chichewa chifukwa cha alendo. Kamvula kanasiya. Tinanyamuka kupita kumanda kudzera m'minda yokolola kale, mapesi akuphwanyika kumapazi. Abambo ankalandirana bokosi. Amayi ovala zoyera anali patsogolo ndi nkhata, ife m'mbuyo. Matope ofiira anamata nsapato za alendo a ku Lilongwe. Adzukulu anali atamaliza kale kukumba, ataima ndi makasu awo.

Sindinalire mpaka pamene dothi linayamba kugunda pa bokosi. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti mwa onse amene anabwereka mabuku m'nyumba muja, ine ndekha ndabweza langa ndilibe choti ndinene.

Madzulo mapikapu anapita, mabenchi anabwerera ku tchalitchi. M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mphasa zopindapinda. Mabuku obwezedwa aja ndinawaunjika pa tebulo, mphamvu yowalongedza m'kabati ndinalibe. Amayi aakulu anakhala pampando, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Chakudya anakana.

"Unafika pati?" anandifunsa patapita nthawi.

Ndinawauza za mthenga uja, n'kufunsa ngati akudziwa mmene sewerolo limathera.

"Ine sindinalitsegulepo," anatero. "Koma mkulu wa mpingo uja ankalibwereka chaka ndi chaka. Akabwera kudzabweza, ankakangana ndi atate ako mpaka tiyi kuzizira."

Anatseka maso. Ndinawapukuta mapazi n'kukataya madzi panja.

Mkulu ameneyu ndimamuopa, ndipo sindinalankhulepo naye kupatula moni. Wanena yekha kuti ana asamawerenge zotere. Komabe mawa ndi Lamulungu. Mapemphero akatha ndimudikira pakhomo la tchalitchi, ndigwade, ndimufunse zimene mthenga uja ananena.