Maness, Wasesa?

Kwathu ku Lobi, mlongo wanga Maness ndi yekhayo amene amadya osagwira khasu. Ali mwana ankathawa kumunda n'kukakhala pabenchi ya wokonza mafoni, ine n'kumati ameneyu adzafa ndi njala. Lero ndiye amasamala webusaiti ya gulu lathu la alimi a kachewere, ali m'kachipinda ka lendi ku Linthipe, majuzi awiri pathupi.

Chaka chatha fomu yolembetsera mbewu inkakana mayina. Ukalemba pafoni, inkangozungulira. Loweruka lina Maness anaika pulogalamu yatsopano n'kuimbira bambo athu, a Rafaelo, kuti zatheka. Bambo sanamvekepo ndi bodza chibadwire. Lamulungu anaimirira m'tchalitchi n'kulengeza kuti aliyense alembetse, poti kulembetsa kutsekedwa mawa lake masana.

Anthu anayesa pabwalo pomwepo, fomu n'kukana ngati kale. Wina anaseka. Ndinaona bambo atazolika, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Ndinamuimbira Maness mtima uli m'mwamba. "Iwe, wawachititsa manyazi bambo."

"Taimani, achimwene," anatero Maness. Ndinkamva akutayipa. "Zatsopano zilimo. Koma seva, kompyuta imene imasunga webusaiti, imaika pambali malangizo amene yazolowera kuti izifulumira. Timati kashe. Ikutsatabe akale aja. Ndinaiwala kukhuthula."

Bambo anandilanda foni. "Ndiye kuti wathira chimanga chatsopano m'nkhokwe osasesa?"

"Eya, bambo."

"Sesa. Ife tikudikira pompano."

Anadikiradi, ali chiimire pamphepo, akuletsa anthu kuti asabalalike. Maness anakhuthula kasheyo, n'kudzutsanso seva, n'kuyamba wayesa yekha, zimene dzulo lake sanachite. Sipanathe mphindi khumi, anaimbanso kuti tiyese.

Bambo foni saidziwa bwino, koma anakana kuti ndiwathandize. Anadinadina ndi chala chimodzi mpaka dzina lawo linalowa, kenako anakweza foniyo m'mwamba.

"Ndinati zatheka," anatero, osakweza mawu. Uja anaseka ndiye anayamba kupempha kuti amulembere.

Mbewu tinalandira tonse. Maness akabwera kumudzi khasu saligwirabe, ndipo ine sindinasiye kumuseka, ngakhale mumtima ndimamunyadira. Bambo amalengezabe za webusaiti m'tchalitchi mosaopa. Kungoti asanaimirire amatuluka kaye panja, foni kukhutu.

"Maness, wasesa?"