Mudzi Umene Ndinawapatsa Amayi

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga amene amadziwa mpaka maloto anga. Mudzi umene unalembedwa pa chiliza cha amayi anga ku Mitundu si kwawo. Kapena ndinene kuti sindikudziwa ngati ndi kwawo. Ndinachita kuusankha ndekha ndi chala, pa mapu, ku Zomba.

Amayi anafika ku Mitundu ali kamwana kongoyamba kuthamanga. Makolo awo anachokera kumwera, cha ku Phalombe kapena ku Mulanje, kudzalima fodya ngati matenanti pa esiteti ina. Ankati akakolola kawiri katatu abwerera, koma sanabwerere. Agogo aakazi anamwalira amayi asanathe msinkhu, ndipo anaikidwa kuseri kwa zigafa za fodya, pansi pa mitengo ya bulugamu pomwe ankaikapo alendo. Agogo aamuna anasamukira ku esiteti ina, osamvekanso. Amayi analeredwa ndi banja lina la matenanti mpaka anakwatiwa ndi bambo anga, mbadwa ya mudzi woyandikana ndi esitetiyo.

Kuno kwathu mwana ndi wa kwa amake. Munda, manda, malume wokuyankhulira pa mlandu, zonse zimachokera kuchikazi. Ife kuchikazi tinalibe. Bambo ali moyo sizinkaoneka, koma atamwalira, azakhali, omwe ndi alongo awo a bambo, anayamba kutulutsa mano. Akakangana ndi amayi, kaya ndi za nkhuku yolowa m'dimba, mawu otsekera anali amodzimodzi: "Kodi alamu, inu kwanu kulibe?" Amayi ankangotola lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Ine ndinakwatiwa ku Nathenje nditamaliza koleji. Nditabereka mwana wamkazi, amayi anabwera kudzandithandiza chikuta. Tsiku lina akumusambitsa, anaima n'kumuyang'anitsitsa.

"Uyu ndiye mbumba yanga. Akadzandifunsa kuti agogo kwanu n'kuti, ndidzamulozera chigafa?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anati anamva pa wailesi kuti ku Zomba kuli nyumba yomwe boma limasungako zolemba zakale, ndipo anthu amakafufuzako za makolo awo.

"Iwe unapita ku koleji," anatero. "Mbuzi zija sitinagulitse kuti satifiketi izikongoletsa khoma. Ukandipezere kwathu."

Ndinawafunsa zimene ankakumbukira. Zinali zochepa: phiri lalikulu kuseri kwa nyumba lomwe linkabisa dzuwa m'mawa, kamtsinje komwe ankawoloka pa mitengo iwiri yogoneka, ndi nandolo. Basi.

Ndinazengereza miyezi ingapo, chifukwa ine ndine munthu wamantha. Mwana akangoyetsemula ndimakhala ndayamba kale kuganiza za ku Nkhoma kuchipatala. Koma atayamba kudya phala ndinamusiya kwa apongozi, ndinakwera minibasi pa Nathenje, n'kukagona kwa mnzanga wa ku koleji amene amagwira ntchito ku Zombako.

M'mawa mwake ndinalowa m'nyumba ya zolemba ija. Chikwama ndi foni ndinazisiya pakhomo polowera, cholembera cha inki alonda anati ayi, pensulo yokha. Anandilandira mayi wina wamagalasi, waulemu wake.

"Boma liti, achemwali?"

"Phalombe, kapena Mulanje."

"Kale linali boma limodzi, pamenepo mwapulumuka. Mfumu yaikulu?"

"Sindikudziwa."

"Dzina la agogo aakazi?"

Ndinatchula mfunda wawo, chifukwa ndi wokhawo amayi ankadziwa. Mayi aja anati anthu a mfunda umenewo kumeneko ndi ochuluka ngati nandolo yemweyo. Atafunsa za agogo aamuna, ndinatchula dzina limene kapitawo wa pa esiteti anawapatsa chifukwa cha chipewa chomwe sankavula. Mayi aja anavula magalasi n'kuseka, koma sikunali kundinyoza.

"Paja amati mbuzi yakuda muziisaka kukadawala. Inu mwabwera dzuwa litalowa. Komabe khalani apo, tiyese."

Anandibweretsera mafayilo omangidwa ndi zingwe, onunkhira ngati nkhokwe yakale. Zambiri zinali m'Chingerezi: makalata a za msonkho, za misewu, za milandu ya malire, za anthu opita kukagwira ntchito kutali. Mayina analimo, koma pafupifupi onse anali a amuna. Akazi ankangotchulidwa kuti mkazi wa uje, kapena akazi angapo. Apo m'pamene ndinazindikira vuto langa. Ife timalondola mtundu kudzera kwa amayi, pomwe mapepala aja ankalondola amene ankakhoma msonkho. Ndinali kufuna mkazi m'nyumba yodzaza ndi amuna.

Dzuwa litafika pamutu, mabere anayamba kulemera. Kenako ndinamva kunyowa. Ndinadzikulunga chitenje pachifuwa n'kumawerenga nditapendekera kumbuyo, kuopa kudonthezera mkaka pa pepala lomwe lasungidwa bwino kuyambira ndisanabadwe. Kwathu amati bere likadontha ndiye kuti mwana akulira. Foni inali polowera paja. Maso anali pa mizere, koma mtima unali ku Nathenje: kodi wadya? Kodi apongozi amufunditsa? Nanga akatsamwa?

Mayi aja anandiuza kuti palinso mabokosi ena omwe akanatha kutulutsa mawa lake, komanso kuti ndikayese mabuku a ubatizo m'mamishoni a kumeneko. Sanandilonjeze kuti ndipezamo kanthu, koma njira inalipo. Ichi ndi chimene chimandiluma kwambiri. Sikuti ndinafufuza mpaka pomaliza n'kulephera. Ndinatopa, ndinalakalaka mwana wanga, ndipo ndinati ndidzabweranso, ndikudziwa mumtima kuti sindidzabwera.

Ndisanatuluke ndinapempha mapu akale a dera limenelo. Anawayala patebulo. Phiri linalipo, timitsinje tambirimbiri totsika m'phirimo, ndi mayina a midzi m'mbali mwake. Ndinayendetsa chala chakumadzulo kwa phirilo, poganiza kuti uko n'kumene dzuwa la m'mawa lingabisike. Chinaima pa kamudzi kena pafupi ndi kamtsinje. Ndinakopera dzina lake, ndi la mfumu yaikulu ya deralo. Ndinadziuza kuti n'poyambira chabe.

M'minibasi yobwerera ndinakonza mawu oona. Ndikanena kuti amayi, ndayesa, sizinatheke. Ndinawabwereza pa Liwonde, pa Balaka, mpaka pa Dedza ndinali nditawaloweza.

Nditapita ku Mitundu, mwana ali kumsana, ndinapeza bwalo losesedwa ngati kukubwera abusa. Amayi anali pakhonde akusenda mtedza, atavala nsalu yawo yopitira kutchalitchi pakati pa sabata. Sanandifunse za ulendo, sanamutenge n'komwe mwana.

"Wapeza?"

"Ndapeza, amayi."

Anatuluka okha mawuwo. Ndinatchula mudzi uja, ndi mfumu yake.

"Nena pang'onopang'ono."

Ndinabwereza. Nawonso anabwereza, akulitafuna dzinalo ngati chakudya chachilendo. Kenako anafunsa kuti, "Nanga kamtsinje kaja, ukaima pakhomo kuyang'ana phiri, kali kumanja kapena kumanzere?"

"Kumanja," ndinatero.

Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana mtedza uli m'manja. "Kumanja," anatero. "Eya. Paja ndinali mwana."

Mpaka lero sindidziwa tanthauzo la chete ameneyo. Mwina anangokumbukira mosiyana. Mwina anandiona kuti ndikunama, n'kusankha kulandira. Ndikamuyamwitsa mwana masiku amenewo ndinkalibwereza funsolo mpaka mutu kuwawa.

Koma madzulo a tsiku lomwelo amayi ananyamuka ulendo wa kwa azakhali, ine ndikutsatira pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Anaima pabwalo n'kutchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, mokweza kuti ndi a nyumba zoyandikana amve.

"Alamu, tsiku lina mudzapite nane kwathu mukadyeko nandolo, mwina mtima wanuwu ungafeweko."

Azakhali anangoti, "Kani?" Ndipo funso lawo lija sindinalimvenso.

Kuyambira pamenepo amayi anasintha. Anayamba kukumbukira zinthu zimene sanazitchulepo: mtengo wa mango pafupi ndi mitengo yowolokera ija, nyimbo ina yopuntha nayo nandolo. Ankamuvinitsa mwana wanga pamwendo akumuitana ndi dzina la mudzi uja. Kenako anayamba kufuna kupita. Apa ndiye ndinasanduka katswiri wa zifukwa. Tidikire tikolole. Mwana ali ndi chifuwa. Mvula yayandikira, misewu ya kumeneko ndi yoterera. Ndinkaopa kuti tikafika, mfumu itifunsa za makolo, anthu atiyang'ana ngati osokera, ndipo amayi atembenuka kundiyang'ana ine.

Anadwala nthawi ya dzinja, matenda a masiku ochepa. Anamwalira asanapite.

Pa maliro, achimwene anga aakulu anati mwambo ndi woti uthenga upite kwawo kwa malemu. Ndinawauza kuti ndilibe nambala ya munthu aliyense kumeneko, ndipo thupi silingadikire. Anamvetsa. Nthawi yowerenga mbiri ya malemu itakwana, anaimirira n'kunena ndi mawu amphamvu kuti amayi anabadwira m'mudzi wakuti, mfumu yaikulu yakuti, boma lakuti. Ndinamva amayi ena kumbuyo kwanga akunong'onezana kuti, "Kani anali nako kwawo." Anthu ankaona ngati ndikulira maliro okha.

Chilimwe chathachi tinamanga chiliza. Mmisiri atasalaza simenti, anafunsa kuti alembe chiyani. Achimwene anatola msomali n'kundipatsa.

"Lembani ndinu, asukulu. Mudzi munaupeza ndinu. Ine ndingaphonye chilembo amayi n'kudzandilotetsa."

Anthu anaseka. Ndinagwada, simenti ikadali yofewa. Mpata unalipo. Ndikanatha kulemba dzina lawo lokha. Ndikanatha kuwakokera achimwene pambali n'kuwauza. Koma azakhali anali ataima pomwepo, manja ali kumbuyo, akuwerenga chilembo chilichonse. Ndinaganiza za amayi akutola lichero kulowa m'nyumba. Ndinalemba mudziwo, zilembo zazikulu. Pofika madzulo simenti inali itauma.

Mwana wanga tsopano ali ku sukulu ya mkombaphala. Tsiku lochotsa nsalu pa chilizacho analowetsa kachala kake m'zilembo zija, akutchula zomwe akuzidziwa. Atamuuza amalume ake kuti ndi dzina la kwawo kwa agogo, anandikoka chitenje.

"Amama, ndi kwathunso?"

Ndinati eya. Bodza lomwe ndinawapatsa amayi ndamupatsanso iye, ndipo iye ndi mkazi, adzapatsa ana ake.

Masiku ena ndimadziuza kuti ndinawapatsa amayi zaka zawo zomaliza akuyenda mutu uli m'mwamba, ndipo mwina chala changa chinagwera pamudzi weniweni, ndani akudziwa. Masiku ena ndimaona kuti ndinawabera mpata wopeza kwawo koona, chifukwa munthu amene wauzidwa kuti chapezeka safunanso. Mabokosi aja akadali ku Zomba. Ndimaopa kupita, chifukwa ndikakapeza mudzi wina ndidzatani ndi simenti youma?

Inu amene mwawerenga izi simukundidziwa, ndiye simungandinyengerere. Munthu anandituma kuti ndikamupezere kwawo, ine ndinamubweretsera dzina la pa mapu, iye n'kufa ali wokondwa. Ndiuzeni, kodi ndinawachitira chifundo amayi anga, kapena ndinawaika m'manda kachiwiri ngati mlendo?