Botolo la Ba Mulenga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamzere wogula ufa ku Kabwata, nditabereka mwana wanga Tisa kumbuyo. Mayi wina atamva kuti ndili ndi satifiketi yotayipa anati mlamu wake, Ba Mulenga anthabwala a pawailesi aja, akufuna munthu.

Ndinkatayipa masewero awo, makope atatu pa kaboni: lawo, la anzawo osewera nawo, ndi la bambo wa Chipani amene ankafufuza ngati tanyoza boma. Ntchito ina inali ya botolo. Ba Mulenga ankasewera ngati bambo chidakwa, koma eni akewo anali atasiya mowa miyezi isanu, atagonera nawo m'chipatala. Ndiye ndinkaphika tiyi wopanda mkaka, akazizira n'kumusefera m'botolo la burande.

Ndiulule, ndinkawachitira nsanje. Mawu amene anthu ankaseka kwambiri anali anga, owonjezera ndekha potayipa. Iwo anasamukira kumayadi ku Woodlands, ine ndili m'kachipinda kamodzi, mwana akutsokomola osaleka. Aliyense ankawagwira ngati dzira. Nanga ine ankandifunsa ndani kuti ndadzuka bwanji?

Loweruka lina masana, sewero lili m'holo ya m'tauni, ndinaona pulogalamu. Ndi dalaivala yemwe dzina lake linalipo, langa ayi. Ndinataya tiyi uja, n'kuthiramo burande weniweni wa mwini holo. Ndinkadzinamiza kuti ndikungofuna kuona.

Pasiteji Ba Mulenga anatsegula botolo, nalifikitsa kukamwa. Fungo litawafika, analichotsa kukamwa n'kuliyang'ana.

"Batata anali kunituma ichi nili mwana," anatero, akunena za bambo awo. "Nikataya dontho imodzi, waya wa malaiti pamsana." Anapendeketsa botolo mpaka mowa wonse unathera pansi. "Batata, bwelani munimenye manje!"

Anthu anafa nalo phwete, kuyesa ndi sewero.

Kuseri Ba Mulenga anandipeza ndikupinda zovala.

"Bana Tisa, shani?" anandifunsa kuti zili bwanji, pondiitana ndi dzina la mwana wanga. "Tiyi wa lelo wakalipa."

Ndinalira, n'kuulula zonse, ndi za dzina zomwe.

"Sembe munakamba chabe," anatero. "Zina yanu tizalemba papulogalamu. Koma botolo nizayamba kusunga neka."

Kuyambira pamenepo, chikandiwawa pantchito ndimachinena ndi pakamwa tsiku lomwelo, chisanafike m'manja. Ndinagwira nawo zaka zina zitatu, dzina langa lili papulogalamu. Mowa sanaubwerere. Koma mpaka tsiku limene ndinatsanzika, sanamwepo ngakhale madzi operekedwa ndi ine.