Nsapato zomwe ndinamugulira Wongani

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Ndinali nditabwera ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndikugona kwa msuweni wanga ku Chibavi, ndipo masana ndinkazungulira mumsika kuthandiza anthu kunenerera mitengo. Munthu akafuna wailesi kapena bulangete, ine ndinkaima pambali pake n'kumanyoza katunduyo mpaka wogulitsa atatopa. Tsiku lina ndinachitira zimenezi bambo wina wa suti amene ankagula mpope wa njinga. Atalipira anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, basiketibolo umaidziwa?"

"Chomene, bwana," ndinayankha, kuwononga liwu limodzi lokha la Chitumbuka lomwe ndinali nalo. Mpira umenewo ndinali ndisanauonepo.

Bamboyo anali a Nyirenda, manijala wa kampani ina yogulitsa simenti ndi malata, yomwe inali ndi timu yake. Anandilemba ngati wosamalira zipangizo. Bwalo lathu linali la simenti, lapamtetete, ndipo ku Mzuzu simenti siuma, imamera ndere. Lolemba lililonse ndinkagwada ndi burashi ya waya kupala nderezo, kenako kubwezeretsa mizere ndi penti yoyera. Popopa mpira ndinkayamba ndanyowetsa singano ndi malovu kuti isaboole vavu, ndipo ndikaugwetsa kuchokera pamutu panga unkayenera kudumpha kufika pachifuwa. Maneti ndinkamangirira ku ringi masewera akamayamba n'kumasula akatha, chifukwa ukawasiya usiku umodzi m'mawa upeza ali kudambo akugwira matemba. M'thumba la malaya ndinkasunga envulopu ya makhadi a chipani a osewera onse, poti pageti panalibe kulowa wopanda khadi, kaya ndiwe wamtali bwanji.

Koma imeneyo sinali ntchito yeniyeni imene anandilembera. Matimu a makampani sankaphunzitsa ana awoawo, ankangothyola zakupsa m'makoleji. Mnyamata akaoneka kuti amachinya, ankamulonjeza ntchito ya umesenjala kapena ukalaliki, dzina n'kulowa m'buku la ogwira ntchito, koma ntchito yake inali mpira basi. Pankafunika munthu wa lilime lotsekemera wokawakopa. Munthu ameneyo ndinali ine.

Wongani anali m'chaka chake chomaliza pa koleji ina ya aphunzitsi. Anali wamtali moti polowa pakhomo ankachita kuwerama, wofatsa, wolankhula Chichewa chokoka ngati akuimba. Phazi lake linali saizi 13, ndipo ankasewera ndi nsapato zodula kutsogolo, zala zili panja. A Nyirenda anamuona kamodzi n'kundiuza kuti, "Ameneyo ndikumufuna ligi isanayambe."

Ndinamupeza akuchapa kuseri kwa hositelo.

"Akulu, mayeso atsala miyezi itatu," anatero. "Dikirani ndilembe, ndibwera."

"Mayeso sathawa, mphwanga. Ukakhoza akakuponya kusukulu ya kuphiri kumene mpira ndi wa masanza. Kuno ntchito ili m'tauni, nyumba ku Chiputula."

Anaseka, n'kuyang'ana mapazi ake. "Chabwino. Mukandipezera nsapato zondikwana, ndibwera."

Kumeneko kunali kukana kwaulemu, poti ankadziwa kuti m'Mzuzu monse mulibe saizi imeneyo. Ine ndinamva bwinobwino kuti wakana. Koma munthu wa mumsika akamva chinthu chofanana ndi mtengo, amati malonda atheka.

Ndinasaka masiku asanu ndi limodzi. Ndinakazipeza kwa Che Saidi, mkulu wina wa ku Mangochi amene ankagulitsa nsapato zovalidwa kale, zolowa mwakachetechete kuchokera ku Tanzania. Zinali zoyera, zofika m'kakolo, pamwamba pake zatsopano ndithu. Che Saidi anazitembenuza okha n'kundionetsa kunsi. Soli inali yosalala ngati mbale.

"Achimwene, izi n'zopitira ku ukwati," anatero. "Wothamanga asavale."

Munthu wanzeru akadamva chenjezo. Ine ndinamva mpata wotsitsira mtengo, ndipo ndinautsitsadi, mpaka mkuluyo anandipatsa akupukusa mutu. Kunyumba ndinawotcha mpeni pa mbaula n'kulemba mizere m'soli monsemo, yokongola, yopingasa ngati ya tayala. Wongani atazivala anayenda uku ndi uku ngati mwana, nati, "Yewo chomene, akulu." Lolemba lotsatira anatuluka pakoleji ndi sutikesi yake.

Anasewera masewera anayi kuli dzuwa, ndipo tinapambana onse. A Nyirenda ankanditchula kuti katswiri.

Masewera achisanu anali Loweruka lina lozizira, tikukumana ndi timu yochokera ku Lilongwe. Kuyambira m'mawa kunali nkhungu ndi mvula yowaza, ija yosagwa yosaleka. Mlendo wolemekezeka anali mkulu wina wa chipani, ndipo anali atakhala kale mu tenti, bulangete pamiyendo. Woimbira anayenda pabwalo akukwekwesa phazi, n'kubwera kwa a Nyirenda.

"Apa sitingasewere, bwana. Wina avulala."

"Zoona," anatero a Nyirenda. "Pitani mukawauze nokha olemekezekawo kuti abwerere kwawo."

Woimbira anayang'ana tenti ija nthawi yaitali. Kenako anaika wezulo pakamwa.

Mpira ukangoima ndinkathamangira m'bwalo ndi chiguduli kupukuta pansi pa ringi, koma ndikamafika mbali ina, mbali yoyamba inali itanyowa kale. Pa nthawi yopuma Wongani anandikokera pambali. Mizere yanga ija inali itafufutika, soli yabwerera kukhala mbale.

"Akulu, zikuterereka. Bola ndivule, ndisewere chabe ndi mapazi."

A Nyirenda anamva. "Opanda nsapato pamaso pa alendo? Kampani ino si ya amphawi."

Ine, katswiri uja, ndinasungunula shuga m'kapu ya madzi n'kupaka kunsi kwa nsapatozo kuti zizimata. Ndinamusisita pamsana n'kumuuza kuti tsopano zili bwino.

Sipanathe mphindi zitatu. Mpira unagunda bolodi la kuseri kwa ringi n'kubwerera, Wongani anaudumphira pamwamba pa anthu onse, anaugwira, ndipo potera phazi lamanja linangopita lokha kumbali thupi lili pomwepo. Bondo linalira ngati nzimbe ikuthyoka. Iye sanakuwe. Anangogona chagada, mpira akadaukumbatira, mvula ikumugwera m'maso.

Tinamunyamula pa benchi, ndipo a Nyirenda anatiuza kuti tidutse kuseri kwa tenti, osati kutsogolo. Masewera anapitirira. Kuchipatala tinapita pa lole ya kampani, iye atagona pa matumba a simenti, ine nditagwira mwendo kuti usagwedezeke m'mabampu.

Patatha miyezi iwiri Wongani analandira kalata yomuchotsa ntchito, yoti mesenjala ayenera kukhala munthu wotha kupalasa njinga. Kukoleji anali atamufufuta kale ngati wothawa sukulu. Anzake analemba mayeso iye ali pa ndodo.

Kunali msonkhano wa oyendetsa ligi mwezi womwewo, ndipo ine ndinalemba mfundo zinayi pa chikatoni cha sopo. Kampani isatenge mwana wa koleji asanalembe mayeso ake omaliza. Wosewera akavulala, ntchito imene analembedwa ikhalebe yake. Nsapato za osewera ziziyang'anidwa kunsi masewera asanayambe, monga amayang'anira makhadi pageti. Ndipo woimbira akati bwalo lanyowa, mawu ake akhale omaliza, kaya mu tenti mwakhala ndani.

Ndinayamba ndawaonetsa a Nyirenda. Anawerenga modekha, magalasi ali pamphuno.

"Yachinayiyi," anatero, "ukutanthauza kuti olemekezeka ndiwo anathyola bondo? Ukufuna ukaifotokoze kwina?"

Ndinati ayi, ichotsedwe.

"Yachitatuyi ndi yabwino. Adzafunsa kuti nsapatozo anagula ndani."

Ndinati nayonso ichotsedwe.

"Ziwiri zatsalazi n'zolamula makampani. Iwe uli ndi kampani?"

Ine amene ndinkaliza ogulitsa mumsika, ananditsitsa kuchoka pa zinayi kufika pa zero osadzuka n'komwe pampando. Chikatoni chija ndinakolezera mbaula. Ndinagwirabe ntchitoyo chaka china chathunthu, ndipo ndisaname, ndinakopanso anyamata ena awiri.

Wongani ndinakamuona ku Zolozolo, kumene ankagulitsa makala pakhomo pa mlongo wake, mwendo atautambasula pa mpando. Sanandinyoze. Anatuma mlongo wakeyo kukatenga nsapato zija m'nyumba, zili zochapidwa bwino, zingwe zomangidwa pamodzi.

"Tengani, akulu, mukagulitse. Inu mumatha," anatero. "Koma wogulayo mumutembenuzire kaye."

Nditasiya za mpira ndinatsegula benchi ya nsapato mumsika, ndipo ndakalambira pomwepo. Aliyense wogula kwa ine amaona soli asanaone pamwamba, ngakhale malonda afe. Achinyamata oyendetsa basiketibolo masiku ano akamva kuti ndinaliko kale, amabwera kudzafunsa chimene angakonze m'makoleji ndi m'makalabu. Ndimawauza mfundo zinayi zomwe zija. Ena amati, "Madala, ziwirizo n'zovuta, tiyambe ndi ziwiri." Ndimawayankha kuti pa benchi pano chilichonse mukhoza kunenerera, koma zinayizo ndinatsitsapo kale kamodzi, ndipo analipira ndi munthu wina.