Laimu pa Miyala ya Achemwali Anga

Ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Ngati munadutsapo ku Machinjiri n'kuona nkhuku yooneka ngati bakha pakhoma la golosale, mwina ndi dzanja langa limenelo. Chifukwa cha lusoli anandiika mu komiti ya chitukuko ya dera lathu. Maganizo anga sankawafuna kwenikweni, ankafuna bulashi yanga.

Chaka chimenecho achemwali anga aakulu ankakhala kwathu. Anachokera kumudzi ku Phalombe, komwe aliyense amadalira nandolo. Mtengo wa nandolo utagwa mpaka anthu kumangomusiya m'munda, iwo anabwera m'tauni kudzaswa miyala. Ankakhala m'mbali mwa msewu ndi amayi ena, nyundo m'manja, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Cholinga chawo chinali chimodzi: agulitse mulu wawo, agule mbewu ya chimanga, akwere basi, mvula yoyamba ikawapeze kumunda. Kumudziko anasiya ana awiri ndi mizere yolimalima kale.

Amene sanaswepo miyala amaona ngati mulu ndi mulu basi. Si choncho. Ikuluikulu, ya maziko, imakhala payokha. Ing'onoing'ono, ya konkire, imakhalanso payokha, ndipo imeneyo ndiyo imatha manja. Mmisiri akabwera amatapa ndi dzanja n'kuyang'anitsitsa. Akaona dothi kapena miyala yosakanikirana, amasasa m'manja n'kupita pa mulu wina, chifukwa simenti sigwira bwino pa mwala wauve. Mulu wa achemwali unali wa ing'onoing'ono yokhayokha, thukuta la chilimwe chonse. Mmisiri wina anali atauona kale, n'kulonjeza kuti abwera ndi lole Loweruka.

Lachitatu atcheya a komiti anatiitana. Anali munthu wabwino ndithu, wokonda dera lake, ndipo akamakamba za Machinjiri ankachita ngati akukamba za mwana wawo woyamba. Anati Lachisanu kubwera alendo odzayendera ukhondo wa madera, ndipo dera lopambana lidzatchulidwa pa wailesi.

"Anthu aone kuti kuno tikutukuka," anatero. "Milu ija ikunyasitsa msewu. Tiyale miyalayo m'mbali monsemo, tiipake laimu, ziwale bwinobwino. Alendo akapita, eni ake atolanso. Palibe vuto."

Ine ndinkadziwa kuti vuto lilipo. Ndinkagona nyumba imodzi ndi manja osweka aja. Koma ndinangokhala duu. Anali atangondipatsa ntchito yolemba chikwangwani chachikulu cholandirira alendo, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kusankha penti.

Lachinayi amayi onse oswa miyala anapita kumaliro a mnzawo ku Bangwe, pamsewu panalibe wotiletsa. Tinabwera ndi mawilibala ndi mafosholo. Fosholo sisankha, inkatapa miyala ndi dothi lomwe, ya uyu ndi ya uyo, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono. Laimu ndinasungunula ndine, poti ndine wodziwa zopakapaka, ndipo tinawaza ndi matsache. Kunena zoona, msewu unakongola.

Achemwali anafika chakumadzulo, chitenje cha kumaliro chili m'chiuno. Anaima pamene panali mulu wawo, pamene tsopano panali posesa bwino.

"Achimwene, miyala yanga ili kuti?"

Ndinaloza mzere woyera wotsetsereka mpaka kumlatho. Mkono umene ndinalozerawo unali mbuu ndi laimu mpaka m'chigongono. Anayang'ana mzerewo, kenako mkono wanga.

"Chabwino," anatero, n'kulowera kunyumba.

Ndikanakonda akananditukwana.

Lachisanu amayi a kwaya anaimba padzuwa kuyambira m'mawa, atcheya atavala jekete. Alendo anabwera pa galimoto ziwiri, magalasi ali otseka. Anachepetsa liwiro pa chikwangwani changa, chimene ndinalembapo kuti "Takulandirani ku Dera la Anthu Olimbikira." Wina anajambula ndi foni, kenako anapitirira. Za wailesi zija sindinazimveponso.

Loweruka mmisiri uja anabweradi ndi lole. Anatapa miyala yoyerayo, n'kuifikisa pakati pa zala.

"Amayi, izi ndi zoyala pamanda izi, osati za konkire," anatero. Anakwera lole n'kupita.

Zitatero amayi aja anakhala m'mbali mwa msewu n'kuyamba kusankha mwala umodziumodzi, akukangana kuti uwu ngwa yani. Achemwali sanakangane ndi munthu. Anatenga beseni lochapira, n'kumatsuka miyala ngati mbatata. Ine ndinawathandiza masiku awiri, lachitatu lake ndinapita kukalemba chikwangwani cha malo ometera. Ndimafuna nditanena kuti chisoni chinandigwira, koma ayi. M'kati mwanga munangoti zii, ndinkadya, ndinkagona, ndinkadzuka.

Sabata yachiwiri isanathe kunachita mdima masana, ndipo kunabwera fungo lija la dothi lonyowa. Mvula inandipeza ndikuchokera kuntchito. Achemwali ndinawapeza atabisala pansi pa chikwangwani changa, beseni lili pamutu, kamulu kawo kasanafike ndi m'mawondo momwe. Tinaima limodzi n'kumaonerera madzi oyera ngati mkaka akuyenderera m'ngalande. Laimu yense amene anawatengera masiku onsewo, mvula inamutsuka masana amodzi.

"Mawa kwathu adzala," anatero.

"Eya," ndinayankha.

Chaka chimenecho m'mizere yawo munamera udzu. Ana awiri aja anabwera kudzakhala nafe njala itafika, ndipo sanabwererenso. Chikwangwani chikadalipo, komiti imandituma kuchipakanso chikasuluka, ndipo ndimachipaka. Pansi pake nyundo tsopano zimalira zitatu, ya achemwali ndi za ana awo.