Kamzere Kokhota pa Khoma la Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la makala ndi la masamba a tiyi onyowa ndi mame. Mmawa uliwonse, nkhungu ikadali pa phiri, asananyamuke kupita ku esiteti, ankaima pakhoma la nyumba yathu ku Limbuli, khala lili m'manja, n'kumajambula timizere uku akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe.

Ankalembera mayi anga aang'ono, a Esinati, amene anabadwa osamva ndi osalankhula. Awiriwa anali ndi chilankhulo chawochawo cha manja, ndipo agogo, munthu woti sukulu ankangoionera panja, anachipangira zilembo. Kozungulira kanali mtsuko. Timizere titatu tinali nkhuni. Chikhatho chinkatanthauza "bweretsa". Pothera pa uthenga uliwonse ankaika kamzere kokhota ngati chikwakwa, kutanthauza kuti "ndibwera". Akangokaiwala, a Esinati sankadya tsiku limenelo.

Lamulungu lina masana kunatulukira anyamata a chipani, a malaya ofiira aja. Wina wa pakamwa poyabwa anali atakawauza za khoma lathu, ndipo masiku amenewo kutsidya kwa malire kunali nkhondo.

"Madala, izi mukulembera ndani?" anafunsa wamkulu wawo. "Zigawenga za kutsidya?"

"Ndimalembera mwana wanga, bwana. Samva."

"Wosamva n'kuwerenga? Tione. Lembani kuti abweretse khadi yanu ya chipani. Musamulankhule ndi manja. Akalephera, mutsagana nafe."

Otengedwa ndi anthu amenewa sankabwerako msanga, ndipo popanda agogo, a Esinati analibe wina wocheza naye pa dziko lonse. Tsono khadi inalibe chilembo, poti agogo sanaonepo chifukwa choilembera. Inkasungidwa mu mtsuko wakale wong'aluka, kuseri kwa chitseko.

Agogo anajambula chikhatho, kenako mtsuko. Khala linathyoka. Anatola kachidutswa n'kudula mtsukowo ndi kamzere, chilembo chimene a Esinati anali asanachionepo. Kokhota kaja sanaike, poti sankadziwa ngati abwerako. Mwana wawo sankamunamiza.

A Esinati anayang'ana khoma nthawi yaitali. Analoza pamene pankayenera kukhala kokhota kaja, n'kuyang'ana bambo awo, koma agogo anazyolika. Kenako analowa m'nyumba. Tinamva akusuntha mtsuko wa madzi. Atatuluka anali atakumbatira wong'aluka uja, misozi ili mbwembwembwe, ndipo anauika pamapazi pa wamkuluyo.

Iye anapisamo dzanja, n'kuitembenuza khadiyo uku ndi uku.

"Khomali mulizire lero lomwe. Tikadzaonanso zimenezi, simudzafunsidwa."

Tinalizira ndi dothi anyamatawo asanazimiririke n'komwe. Agogo anagwira dzanja la mwana wawo n'kujambula kokhota kaja pachikhatho, ndi chala chokha. Kuyambira pamenepo ankalemba pomwepo, pamene chipani sichikanafufuta.

Agogo anamwalira ine nditakula kale. Titabwera kumanda, a Esinati anandikokera kuseri kwa nyumba, anajambula kamzere kaja padothi, n'kundiyang'ana m'maso. Ndinagwada ndi kukafufuta ndi dzanja langa. Sanalire mokweza, anangogwedeza mutu.

Mpaka lero, ndikamachoka pakhomo, ndimajambula kokhota kameneka pachikhatho cha mwana wanga wamng'ono. Iye amaseka, amati ndikumugirigisha.